Kanema wa Atate ndi Kompyuta Imene Ndinaithamangitsa

Mtendere, Lusaka
22 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga, amake Limbani,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Zemba? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi, kapena alamu akuwanyamulabe panjinga? Ana ali bwanji ndi dzuwa la chaka chino? Ife kuno tili moyo. Mlamu wanu Cathrine anadwalako chimfine sabata yatha, koma wayambanso kupita kumsika ndi matimati ake.

Mudabwa kuona kalata pomwe foni ndili nayo. Chifukwa chake n'chakuti pafoni ndinakunamizani, ndipo ndikuopa kuti ndikaimbanso, pakamwa panga padzakhotanso. Pepala limadikira munthu mpaka anene zoona. Ndapatsira a Wadson, aja amagula nsawawa, amene akukwera basi ya ku Chipata mawa m'mawa. Ati akafika pa boma la Chadiza adzaisiya kwa alamu pamsika. M'kati mwa kalatayi muli kanthu kokulungidwa m'pepala. Musakatsegule musanamalize kuwerenga.

Nkhani za kuno ndi kutentha ndi magetsi basi. Nyumba yathu munaiona, chipinda ndi pabalaza, malata opanda siling'i. Ikakwana 11 koloko munthu umakhala ngati uli mu uvuni wa njerwa. Magetsi akubwera maola anayi kapena asanu patsiku, tsiku lina osabwera n'komwe. Kushopu kumene ndimasindikiza makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro tikugwirira jenereta, utsi mpaka m'maso. Ndamva kuti kwanuko chimanga chinapserera m'munda, ndipo sindileka kukupemphererani. Koma si zimenezi zandikhazika pansi lero.

Ndi za kanema wa atate.

Munawajambula pa foni yanu pakhonde, miyezi iwiri asanatisiye, mphindi 47. Anafotokoza mmene agogo awo anabatizidwira, anatchula mayina a makolo athu kuyambira kutali, anaimba nyimbo yawo ija ya pa Mgonero, kenako anatidalitsa mmodzimmodzi potitchula mayina. Tsiku lobalalika pamaliro munachotsa memore khadi m'foni, munaikulunga m'kapepala ka m'kope la Limbani, n'kundipatsa. Munati ine ndiye wa makina, ndiisunge ndi kuikonza kuti tidzaonetse anthu tsiku lovundukula chiliza. Foni ija inagwera m'chitsime mu Febuluwale. Kuyambira pamenepo kunalibenso kwina kumene atate anatsala akuyankhula, koma kwa ine.

Pa 9 Okutobala munandiimbira pa foni ya alamu kufunsa ngati ntchito yatha. Ndinati magetsi anazima mwadzidzidzi, kanema wavutako pang'ono, koma ndikukonza. Munandikhulupirira, mpaka munadandaula nawo magetsiwo pamodzi ndi ine. Alongo, tsiku lija magetsi sanazime. Kanema sanavute pang'ono. Wawonongeka yense, ndipo womuwononga ndine.

Ndifotokoza kuyambira pachiyambi, kuti musadzamve mbali ina kwa munthu wina.

Kuyambira Epulo ndakhala ndikusonkhanitsa zipangizo zomangira kompyuta yangayanga, chimodzichimodzi, zina zatsopano, zina zogwirapo ntchito. Wondithandiza kusankha anali a Dyson, bambo wachikulire wa ku Katete amene amakonza makompyuta pafupi ndi shopu yathu ku Kamwala. Mu Seputembala ndinaimanga ndekha patebulo lathu lodyera, masiku awiri. Cathrine ankadyera pamphasa, mbale pamiyendo, poopa kugunda tizisikuluwu.

Kuti mumve bwino cholakwa changa, ndiyenera kukufotokozerani pang'ono mmene chinthuchi chimakhalira. M'kati mwa bokosi muli kachitsulo kaphwatalala, kochepa kuposa bokosi la machesi, kotchedwa pulosesa. Ndiko kamaganiza zonse, ndipo kakamagwira ntchito kamatentha ngati ayironi ya makala. Pamwamba pake timamangapo chitsulo china cha timalata topyapyala tambirimbiri, chokhala ndi fani, kuti chiziyamwa kutenthako. Kutsogolo kwa bokosi kuli mafani awiri okokera mphepo yozizira m'kati. Kumbuyo ndi pamwamba kuli ena otulutsa yotentha. Zili ngati khitchini ya amayi: mukatseka pakhomo ndi potulukira utsi, wophika ndiye amayamba kulira. A Dyson anandiuza kuti makina awa sapempha zambiri, amangofuna kupuma. Anati ndisiye mpata wa chikhatho pakati pa bokosi ndi khoma, ndipo pamwamba pake ndisaikepo kanthu, ngakhale chipewa. Ndinamva bwinobwino. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Tsiku limene inayaka koyamba ndinagwada n'kupemphera. Koma ndisabise, pakamwa pankayamika Mulungu, mtima unkayamika ineyo, Osward. Ndisanadzuke bwino pamaondo ndinali nditayamba kale kujambula zithunzi zotumizira anzanga.

Cholakwa choyamba n'ichi. Nditakopera kanema wa atate mu kompyuta, khadi ija ndinaifufuta, chifukwa kushopu kunafunika khadi yonyamulira zithunzi za ukwati wa kasitomala. Cathrine anandifunsa ngati kuli kwanzeru kusunga mawu a munthu womwalira pamalo amodzi okha. Ndinamuyankha mwamwano, kuti iye adziwe za matimati, za makina andisiyire ine. Anangopitiriza kuchapa. Mawu amenewo ndamupepesa kale, koma amandibwererabe ndikamadya.

Kenako ndinayamba kukonza kanemayo. Musakhumudwe, koma munajambula dzuwa lili kumbuyo kwa atate, nkhope yawo inali yakuda, dzanja lanu linkanjenjemera, ndipo nkhuku zinkasokosa. Ine ndinkafuna kuti anthu a pa boma akadzaona, adzanene kuti mwana wa mkulu wa mpingo Mvula anaphunzira ndithu. Ndinadula malo onse amene ndinawaona ngati zinyalala: pamene tambala analira, pamene atate anatsokomola, pamene anasiya nkhani n'kuyamba kuitana amayi. Tizidutswa timeneto ndinatiika pa fulashi, kosungira kaja kosomeka pa kompyuta, n'kupita nato kuntchito, kuti anzanga aseke mmene mdala wakumudzi amakalipira nkhuku. Anasekadi. Inenso ndinaseka.

Chotsala chinali kuwalitsa nkhope ndi kuletsa chithunzi kugwedera. Ntchito imeneyo kompyuta imaigwira yokha, koma inandiuza kuti ifunika maola asanu ndi theka osaima. Magetsi athu safika pamenepo. Ndinayesa kawiri, ndipo kawiri konse anazima ntchito itatsala pang'ono, n'kuyambiranso pachiyambi.

Apa ndi pamene ndinaganiza zoithamangitsa. Pulosesa iliyonse ili ndi liwiro limene opanga anaiikira. Koma munthu ungathe kulowa m'kati n'kuikweza kuti izithamanga kuposa pamenepo, n'kuionjezera mphamvu ya magetsi kuti ipirire. Anzanga amati ovakuloko. Si tchimo, anthu amachita, koma ikathamanga kwambiri imatenthanso kwambiri, ndipo ikatentha imayamba kulakwitsa masamu osadziwa kuti ikulakwitsa.

Ndinafunsa a Dyson. Anati ngati ndikufuna, ndizikweza pang'onopang'ono ngati mchere m'ndiwo, kuyesa tsiku lathunthu pa sitepe iliyonse, maso ali pa nambala ya kutentha, ndipo isapyole madigiri 80. Anawonjezera kuti mu Okutobala, m'nyumba ya malata, munthu wanzeru amatsitsa liwiro, sakweza. Anandiuza kuti ndingoinyamula ndipite nayo kushopu kwawo kumene kuli sola, igwire ntchito mwakachetechete mpaka ithe. Ndinakana. Ndinati sindikufuna kuwavutitsa. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuti tsiku la chiliza wina adzanene kuti a Dyson ndiwo anathandiza.

Ndinakweza masitepe asanu nthawi imodzi. Ndinayesa mphindi khumi zokha. Nambala inafika 88, mafani akulira, koma kompyuta inati tsopano ntchito itenga maola anayi ndi theka, ndipo ine ndinangoona nambala yachiwiriyo. Popeza malo osungira anali ochepa, ndinaiuzanso kuti kanema watsopano alembedwe pamwamba pa wakale. Mukukumbuka mmene atate ankamasulira ng'ombe pagoli dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale mizere itatsala itatu yokha? Ine ndinkakwiya, ndinkati timalize. Iwo ankangoti kuthamanga sikufika, n'kuyamba kumasula zingwe. Ndinalima nawo zaka zonse zija osaphunzira kanthu.

Tsopano ndifike pa nsalu, ndipo pano muwerenge mofatsa.

Mu Ogasiti amayi ananditumizira nsalu ija inkavundikira wailesi ya atate, yoluka ndi ulusi woyera, ya mphonje zabuluu, imene anaisokerera chitenje kunsi kuti fumbi lisadutse. Kwathu chinthu cholemekezeka sichikhala chosavundikira. Wailesi, Baibulo, ndowa ya madzi akumwa, chilichonse chili ndi nsalu yake. Amayi anati popeza mawu a atate achoka mu wailesi yawo n'kulowa m'makina anga, nsalu iwatsatire. Ndinkaivundikira kompyuta ikakhala yozima, ndipo ndinkaichotsa poyatsa.

Lamulungu pa 6 Okutobala magetsi anabwera 7 koloko m'mawa. Ndinayatsa n'kuyambitsa ntchito. Cathrine anandikumbutsa kuti ndi tsiku la Ambuye. Ndinati wogwira ntchito ndi makina, si ine. Iye anati pa kalasi ya katekisimu anaphunzira kuti lamulo lachinayi limapumitsa ndi ng'ombe yomwe, ndiye sakudziwa kuti makina anga analembedwa pati. Ndinaseka ngati wanena nthabwala.

Cha m'ma 8 koloko munaimba ya vidiyo muli pachulu paja pamagwira netiweki, amayi atavala kale zoyera za Chigwirizano. Munati akufuna aone makina amene akusunga amuna awo. Ndinawaonetsa. Funso lawo loyamba linali lakuti nsalu ili kuti. Ndinaitenga pampando n'kuiyala pamwamba, inalendewera mpaka kutsogolo, n'kutseka mafani onse awiri. Amayi anaomba m'manja, anati tsopano yafika pakwawo, ndisamaichotse chifukwa fumbi la ku Lusaka lilibe ulemu. Tinaseka tonse. Netiweki inaduka.

Nditayang'ana nthawi ndinaona kuti tachedwa, ndipo tsiku limenelo ine ndiye ndinali wowerenga zolengeza. Nsalu ndinaiona, alongo. Dzanja langa linafika pafupi. Masiku apitawa ndayesa kudziuza kuti ndinaisiya pomvera amayi, koma limenelo ndi bodza linanso. Amayi sadziwa za mafani, ine ndimadziwa. Ndinaisiya chifukwa ndinali pa changu, ndipo mumtima ndinkati makina omanga ine ndi olimba, kansalu sikangawachite kanthu. Ndinatseka mawindo onse poopa akuba, ndinakhoma chitseko, tinapita.

Tinabwerako itadutsa 1 koloko. Magetsi anali akadalipo, babu la pakhonde likuyaka masana, wailesi ya aneba ikuimba. Tisanatsegule chitseko tinamva mafani akulira ngati chigayo. M'nyumba munali fungo la fumbi lotentha. Chithunzi pa sikirini chinali chitauma malo amodzi, nkhope ya atate itang'ambika pakati, theka lobiriwira. Nsalu inali yotentha ngati yangochoka pa ayironi. Ndinazimitsa pakhoma ndisanavule ndi jekete lomwe.

Itazizira inayakanso. Koma nditatsegula kanema, munali timabokosi tobiriwira tokhatokha ndi phokoso ngati la mafuta pamoto. Palibe liwu limodzi la atate.

Cholakwa chachikulu chinabwera mawa lake. Ndikanainyamula Lolemba m'mawa kupita nayo kwa a Dyson osakhudza kanthu. Koma ndinaopa kusekedwa. Ndinadziuza kuti mapulogalamu ndiwo asokonezeka, ndipo ndikafufuta zonse n'kuikamo mwatsopano, kanema adzatseguka. Ndinasunga kanema wowonongekayo pambali, ndinafufuta zonse, ndinaikamo mwatsopano. Sizinathandize. Lachiwiri ndinabwerezanso. Lachitatu ndi pamene munaimba, ine n'kunamizira magetsi.

Sabata yonse ija sindinadye bwino. Cathrine anaona. Pa 14 anandiuza kuti ngati sindipita nayo ndekha, aisenza pamutu ngati dengu la matimati mpaka ku Kamwala, ndipo aliyense womufunsa panjira adzamuuza zonse. Ndinadziwa kuti sakuseka. Ndinapita.

A Dyson anandimvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali pamphuno. Kenako anandifunsa ngati kwathu ku Chadiza munthu wa malungo timamufunditsa bulangeti n'kumuuza kuti athamange mpaka ku Chipata. Anthu amene anali m'shopu anaseka, ine ndinayang'ana pansi. Koma atamva kuti munali mawu a atate omwalira, anasiya nthabwala, anatulutsa anthu aja, n'kutseka chitseko. Masiku atatu anasiya ntchito zina akufufuza mu kompyuta ndi mu khadi muja. Mu khadi anapeza zithunzi za ukwati wa anthu osawadziwa. Mu kompyuta sanapeze kanthu.

Anandifotokozera kuti tsiku la Lamulungu lija kanema wakale anali asanatheretu. Zidutswa zake zinali zitamwazika pansi ngati nsawawa zotayika m'munda, ndipo munthu wodekha akanatola zambiri. Koma ine ndinapita ndi khasu n'kulimapo kawiri. Anandiitana kuti mphwanga, n'kunena kuti kutentha kunangovulaza, chimene chinapha ndi kubisa. Mawu amenewo sananene mokalipa, n'chifukwa chake akundiwawa mpaka lero.

Chopweteka china n'chakuti makinawo alibe vuto lililonse. A Dyson anabweza liwiro pamene opanga anaika, anapukuta fumbi, anandiuza kuti ndiisunthire pafupi ndi windo. Tsopano ikugwira ntchito mwakachetechete, nambala siikupyola 60. Makina achira, koma atate ndawaika m'manda kachiwiri ndi manja anga.

Lamulungu lapitali kunali Mgonero ndipo sindinapite kugome. Mkulu wa dera lathu anandifunsa chifukwa, ndipo ndinamuuza zonse. Anati Ambuye akhululuka, zimenezo ndisakayike, koma iye si amene ndinamunamiza, ndiye ndisamutulire katundu wa eni ake. Ndi chifukwa chake ndagula pepala.

Tsopano za kanthu kali m'kalatamu.

Tsiku lomaliza la kufufuza kuja, titalephera zonse, a Dyson anandifunsa kuti nanga kaja ka nkhuku kamene ndinkaseketsa nako anthu kali kuti. Ndinali nditaiwaliratu. Fulashi inali m'thumba la ovolosi yanga kuntchito, pamodzi ndi zisikuluwu. Sinalowe mu kompyuta tsiku la ngozi lija. Tinaitsegula, ndipo zonse zinali momwemo, mphindi zitatu ndi masekondi makumi anayi. Ndakopera pa khadi yatsopano, ndiyo ili m'pepalamo. Zina ndasiya kwa a Dyson, zina m'foni ya Cathrine, zina kuntchito. Nzeru zabwera madzi atatayika kale.

Ndikuuzeni zimene zilimo kuti musadzidzimuke. Mulibe mayina a makolo. Mulibe nyimbo. Mulibe madalitso aja, ngakhale anu, ngakhale anga. Muli zokhazo zimene ine ndinati n'zinyalala.

Poyamba atate akukonza kolala ya shati, akukufunsani ngati kanthuko kayamba kumva. Inu mukuti kayamba kalekale, iwo akuti nanga bwanji simunanene, akanayamba ndi pemphero. Kenako tambala uja wofiira akukwera pakhonde n'kulira pafupi ndi khutu lawo. Atate akumuopseza ndi chipewa, akumuuza kuti Khirisimasi ili pafupi, aonana. Kenako akutsokomola nthawi yaitali. Inu mukudandaula kuti chithunzi chikuda, iwo akuti musavutike, Osward adzakonza, ameneyo ndi wa makina. Pamenepo ndinatuluka panja m'shopu mwa a Dyson, sindinathe kukhala.

Chidutswa chomaliza ndicho chachitali. Atate akuitana amayi, a Nambewe, a Nambewe, kuti abweretse madzi. Amayi akuyankha ali kuseri kuti manja ali ndi phulusa, adikire. Kenako akubwera ndi kapu ija yabuluu, akugwada pambali, nkhope ikuoneka theka. Atate akumwa, ndipo pobweza kapu akuwagwira padzanja, akuti akhale pompo kuti kanthuko kawatenge onse awiri. Amayi akukana, akuti sanamange duku labwino, anthu adzawaseka. Atate akuti zaka 46 akhala akuwaona ndi duku lomwelo ndipo sanasekepo. Amayi akuseka, akubisa nkhope ndi kapu, koma dzanja sakulichotsa. Pamenepo ndi pamene ndinadula.

Alongo, ndaganiza ndipo sindikukumbuka chithunzi china chilichonse chimene awiriwa ali limodzi. Ine ndinachiona ngati chosokoneza nkhani. Sindikunena izi kuti mlandu wanga uchepe. Mayina a makolo aja anapita, ndipo amene ankawadziwa onse mwa ndondomeko anali atate okha. Limbani ndi azing'ono ake sadzamva agogo awo akuwadalitsa, chifukwa cha ine. Chimene chatsalachi sindinachisunge ndi nzeru zanga. Chinapulumuka chifukwa ndinachitaya.

Pempho langa ndi limodzi. Munandiuza kuti amayi akuitana anthu mpaka ku Pembamoyo, akuti pa 9 Novembala, tsiku la chiliza, adzaona a Mvula akuyankhulanso pakhoma la tchalitchi, ndipo a Zeca, anzawo a atate aja, alonjeza kale kubwera ndi banja lonse pa ngolo. Tsiku lililonse limene ndikhala chete, amayi akuonjezera anthu odzaona manyazi awo. Chonde, kalatayi ikangofika, khalani nawo pansi awiriwiri, ana ali kusukulu, muwawerengere yonse. Musadumphe pa bodza, musadumphe pa Lamulungu. Ndikukudziwani, mudzafuna kunditchinjiriza monga munkachitira ndikathawa kubusa, koma ulendo uno musatero. Pofika pa nsalu, muwerenge kawiri pamene ndalemba kuti ndinkadziwa. Sindikufuna kuti amayi agone ndi maganizo akuti nsalu yawo ndiyo inapha mawu a amuna awo. Mukatha, muike khadi m'foni ya alamu, muwapatse m'manja, muwasiye aone okha.

Zoti tidzaonetse anthu tizidutswati kapena ayi, anene ndi amayi. Akati ndidzaimirire pamaso pa abale ndi mpingo n'kunena ndekha chimene ndinachita, ndidzaimirira. Akati ndisadzayankhule, ndidzakhala chete kumbuyo, ndizidzatunga madzi. Ine ndi Cathrine tidzafika pa 7, ndipo ndisanalowe m'nyumba ndidzayamba ndagwada pakhonde pomwe paja. Nsalu ndaichapa, ndaisita, ndidzabwera nayo. Amayi akafuna kuti ibwerere pa wailesi, ndidzamvetsa.

Inunso, amake Limbani, ndikhululukireni. Munaima padzuwa mphindi 47 dzanja lili m'mwamba, ndipo ine ndinaona kunjenjemera kokha.

Mundiperekere moni kwa amalume a ku Pembamoyo ndi azakhali, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndidzabwera nawo. Moni kwa alamu anga atate ake Limbani, kwa Limbani, Misozi ndi kamng'ono Ethan. Moni kwa a Zeca ndi amayi a kunyumba kwawo, ndi kwa azimayi a Chigwirizano amene akuthandiza amayi kutunga madzi. Cathrine akupereka moni kwa nonse, ndipo akuti ndilembe kuti za matimati zija anakhululuka, koma sanaiwale.

Kwa amayi sindikutumiza moni wa papepala. Muwauze kuti mwana wawo akubwera kudzamva chimene anene.

Ambuye akusungeni mpaka tionane.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Osward Mvula